Pulasitala Panjanji za Bornwell

Lolemba, 21 Julaye

Mphepo ndi fumbi Matero yense. Akulemba ndi Ketty, mwana wanga wamkazi. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2, ndipo maso ayamba kuchita nkhungu. Ndamuuza: zomwe ndanena, momwe ndanenera, osakometsa.

Bornwell, mwana wanga woyamba, wa zamagetsi, ali ndi timasitima take pabalaza, pathabwa lalikulu ngati chitseko. Munthu wandevu. Kasiteshoni, kamlatho, timitengo ta siponji. Tsopano akuwonjezera msewu wa m'tauni wokhala ndi njanji m'kati mwake momwemo, poyenda kabasi kamagetsi komwe akuti tiramu. Akuti kumaiko ena ziliko. Sabata yamawa apita nazo ku Sho, chionetsero chachikulu cha pachaka, kukaonetsa anthu.

Msewuwo ndi wa pulasitala. Pulasitala! Ine amene ndinapaka makoma a ku Kabulonga ndi Woodlands mpaka kuchita kunyezimira. Ndinati ndithandize. Iye: "Batate, pumulani chabe. Ivi ni vinthu ving'ono, simungavione."

Chigwereni pamakwerero chaka chatha, mpeni wanga womangira, chipande ndi levulo anazitsekera m'thiranki. Kiyi ali naye iye. Ntchito yanga masiku ano, kuingitsa nkhuku za eni nyumba pakhomo.

Lachitatu, 23 Julaye

Bornwell wayesa yekha kupaka kachigawo. Ndapapasa ndi chala. Maenje okhaokha ngati msewu wa ku Kanyama m'dzinja. Wathyathyathya ngati tebulo, wopanda ngalande. Ndamufunsa kuti mvula ikagwa madzi apita kuti. Waseka. "Mu nyumba muno simugwa mvula, batate."

Aseke. Ku Sho anthu adzafunsa kuti mwana wa yani ameneyu. Alipo omwe akundidziwa.

Lachinayi, 24 Julaye

Bornwell kukakoka mawaya ku Chazanga. Ketty kuntchito. Nyumba yanga ndekha.

Thiranki yokhoma, palibe kanthu. Supuni ya tiyi, mpeni wa buledi, kachidutswa ka galasi. Ndakandira pulasitala m'chitini. Ndapaka msewu wonse, kuyambira kusiteshoni mpaka kuseri kwa pokhota. Pakati potukuka pang'ono, ngalande uku ndi uku, monga msewu wa anthu.

M'mbali mwa njanji iye anasiya timipata ngati ming'alu. Ndatseka tonse. Sindinasiyepo mng'alu pantchito yanga chibadwire. Njanji ndi msewu tsopano chinthu chimodzi, see!

Manja sananjenjemere. Ketty, pamenepo lemba kawiri. Manja sananjenjemere.

Ketty atabwera n'kuona anagwira pakamwa: "Mayo! Ba Bornwell baziba?" Adziwa mawa. Magetsi kulibe, Bornwell walowa usiku osaona kanthu.

Lachisanu, 25 Julaye

Magetsi abwera m'mawa. Ndinavala jekete, ndinakhala pampando kudikira zikomo.

Bornwell anauyang'ana msewu nthawi yaitali. Anaika katiramu panjanji. Kanayenda pang'ono, kanakwera pamwamba pa pulasitala, kanagwa chagada m'ngalande yanga, mawilo akuzungulirabe.

Kani mawilo ake ali ndi kamlomo m'kati, kolowa m'timipata tija. Popanda mpata sikayenda. Anandiuza ndani? Akanandilola kukhala pafupi pomwe ankagwira, bwenzi nditadziwa. Munthu umamuthamangitsa, kenako ukudabwa kuti sakudziwa.

"Batate, mwanipaya." Anatero kawiri, kuti ndamupha. Akuti aphwanya zonse ayambirenso, koma njanji zikapindika zina alibe, anazipeza movutikira kwa wogulitsa zakale. Ndipo thiranki apita nayo kwa ba Nason, aja ogulitsa zitsulo kumsika, kuti zida zanga zichokeretu m'nyumba muno.

Ndamuuza kuti akakhudza msewu umenewo ndi nyundo, ayambire pa ine. Kupepesa ayi. Msewuwo ndi wabwino. Ndi katiramu komwe kali ndi vuto.

Lamulungu, 27 Julaye

Sitikulankhulana. Tiyi akundipatsira pa Ketty.

Onse kutchalitchi, ine ndati mwendo ukupweteka. Mulungu akudziwa kuti mwendo unalipo ndithu, pang'ono.

Ndinatola kachidutswa ka sowo yodulira zitsulo. Kukumba mpata m'ntchito yanga yomwe, dala. Mtima kuwawa ngati ndikudzicheka. Chala chikutsata njanji, sowo pambuyo pake. Poongoka ponse zayenda. Ndakankha katiramu ndi dzanja, kayenda mpaka pokhota osagwa.

Pokhotapo ndi pomwe panavuta. Njanji inakhota, ine sindinaone. Sowo inapita molunjika, inabenthula chigamphu cha msewu, inadula ndi kawaya kapansi.

Ketty akufunsa ngati alembe kuti sindinaone. Lemba. Zenera la pabalaza ndi laling'ono, lembanso zimenezo.

Lachiwiri, 29 Julaye

Bornwell walumikiza waya. Pokhota wakumba yekha mpata. Tiramu ikuzungulira tsopano, ndamva kulira kwake ndili kuchipinda. Sanandiitane. Sindinapite.

Dzenje lomwe ndinabenthula lilipobe. Akuti amatapo kachitsamba ka siponji kuti libisike. Chitsamba pakati pa msewu wa m'tauni! Ndi dzina langa!

Thiranki waitulutsa, ili pakhomo. Ba Nason abwera Lachinayi kudzaitenga.

Sindinadye. Njala ndinalibe.

Lachitatu, 30 Julaye

Galimoto yonyamula thabwa ibwera masana. Ndinadzuka ndisanamve tambala wa eni, ndinakanda pulasitala m'chitini chija. Aphwanye, agulitse, koma dzenje silipita ku Sho.

Bornwell anandipeza nditawerama, supuni m'manja. Ndinadikira mkuntho. Anaima kumbuyo kwanga. Kenako anang'amba katoni ya sopo, anadula kachidutswa kopyapyala, anakalowetsa mumpata wa njanji n'kukagwira ndi zala.

"Pakani. Ine nigwilila apa. Mukafika pa chala changa muimilile."

Ndinamuuza kuti mmisiri sapaka ndi supuni pamaso pa anthu. Anandiyang'ana. Anapisa m'thumba, anaponya kiyi pathabwa. Mpeni womangira ndi waukulu kuposa msewu wonsewo, iye akudziwa, inenso ndikudziwa. Ndautulutsa basi. Ndipaka ndi nsonga.

Za ba Nason sanatchule. Inenso sindinafunse. Sindinapepese, ndipo sindi

Bornwell akuitana, akuti pulasitala ikuuma. Ikuuma bwanji, ndakanda ndine? Ketty, siya cholemberacho, bweretsa madzi.