Masiponji a m'boti la pa damu

Lachinayi, Disembala. Mvula tsiku lonse, mtima suli m'malo.

Bambo a Chisomo akanganula mipando ya boti la pa damu la esiteti, n'kuchotsamo masiponji oyera aja. Akuti akudya malo a mbande za fodya, poti nazale ili kutsidya ndipo aliyense akuthamangira kuwokera.

Ndawauza kuti, "Bambo, masiponjiwo ndi amene amaletsa boti kumira likalowa madzi."

Aseka. "Kadamu komweka? Ngati ndikupita kunyanja!"

Kadamuko kadzaza mpaka m'mabango. Masiponji anawataya kuseri, nkhuku zimajompha. Ndawatolera m'dengu, ali pansi pa bedi. Mawa awoloka m'mamawa, matumba a mbande mpaka m'maondo.

Amuna angawa kusambira sadziwa.