Mafunso Awiri Amene Misozi Sanayankhe

Okondedwa Achemwali,

Muli bwanji ku Kitweko pamodzi ndi alamu? Kuno ku Chiparamba tili bwino, kungoti amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Lachisanu ndinapita ku Chipata kukatenga lipoti la mwana wanu Misozi. Wakhala wachinayi m'kalasi mwake, ndipo atatu omuposawo ndi ana a amwenye. Aphunzitsi a masamu anandionetsa pepala lake. Mafunso awiri omaliza sanawakhudze n'komwe, koma atamupatsa choko anawayankha pa bolodi ine ndikuona.

Tili m'minibasi ndinamufunsa chifukwa chake. Anati akakhoza kwambiri anzake amamuseka kuti akudziyesa mmwenye. Ndinamuuza kuti awasiye, ndi nsanje chabe.

Iye anati, "Koma inunso amalume mumanena kuti amwenye anabadwa ndi mutu wina, ife ndife a khasu."

Sindinakane. Ndimanenadi zimenezi tikamasenda nshawa.

Chonde mumuimbire foni Lamulungu. Mumuuze kuti inu munkakhala nambala wani mpaka pamene atate anakusiyitsani sukulu kuti ine ndiphunzire. Zimenezo sindinamuuzepo.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Ganizani