Anandilemba Kuti Ndinachira

Cerro Cordillera,
Valparaíso.
9 Okutobala, 2018.

Okondedwa achimwene a Baltasar,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ku Punta Arenas, ndiponso kuti mphepo yakumeneko sinakuulutseni. Kalatayi ndikuilemba chogona, lero ndi tsiku lachitatu chiiyambire, choncho mukaona zilembo zikupendekeka musadabwe.

Patha zaka ziwiri tisakulankhulana. Mawu anu omaliza ndikuwakumbukirabe, mutandiimbira foni muli kumanda: "Eliana, madokotala analemba kuti unachira. Masitepe okhawo akukulepheretsa kudzaika mayi ako?" Sindinakuyankheni, chifukwa nanenso ndinkakhulupirira zomwezo. Kalata ya ochita kafukufuku amene ndinalowamo uja inali m'kabati, yonena kuti masewera olimbitsa thupi aja anandichiritsa matenda a kutopa kosatha. M'mawa wa tsikulo ndinavala zakuda, ndinatsika masitepe khumi ndi anayi mwa 112 aja ochoka kunyumba kwanga kutsikira kumsewu, miyendo n'kukana. Ndinabwerera chokwawa. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikudziona ngati mlesi amene anathawa maliro a mayi ake.

Chaka chatha ndinalowa gulu la pa WhatsApp la odwala anzanga amene tinali m'kafukufuku yemweyo. Amatitsogolera ndi a Rigoberto, amene ankaphunzitsa masamu asanadwale, munthu wosasunga mawu m'kamwa. Iwowo anapeza chikalata chimene ofufuza analemba asanayambe ntchito, ndiponso lipoti lawo lomaliza. Palibe mwa ife amene angawerenge masamba atatu popanda kudwala nawo sabata yathunthu, ndiye tinagawana, aliyense tsamba lake, kuyerekeza zimene analonjeza ndi zimene anachita. Zinatitengera miyezi isanu.

Ine linandigwera tsamba 19. Mukuikumbukira fomu ija yotifunsa ngati timatha kusamba tokha, kunyamula zogula, kukwera masitepe? Malikisi ake amalekezera pa 100. Kuti akutenge monga wodwala, unkayenera kupeza 60 kapena kucheperapo. Poyamba analemba kuti wochira ndi amene wafika 85. Koma m'munsi mwa tsamba langalo, m'tizilembo tating'ono, ndinapeza kuti ntchito ili mkati anatsitsa malirewo kufika pa 55.

Achimwene, ine ndinalowa ndi 60. Ndinatuluka ndi 55.

Ndinaimbira a Rigoberto.

"Tawerenganso, iwe," anatero, "mwina mutu wako sukugwira lero."

Ndinawerenganso mokweza.

"Ndiye kuti matenda anakula, iwo n'kukuombera m'manja kuti wachira?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Aaa, basi ine ndikadzafa adzalemba kuti ndapambana mpikisano wothamanga!"

Ndiulule chinthu china chimene chimandichititsa manyazi. Ngakhale 55 ameneyo ndinachita kudziwonjezera. Tsiku lokayezedwa likamayandikira ndinkagona masiku atatu kusunga mphamvu, kenako n'kupaka milomo n'kupita ndikumwetulira, chifukwa dokotala wake anali mayi wachifundo ndipo sindinkafuna kumugwetsa ulesi. Mmene ndinkadzukira mawa lake palibe amene anandifunsa. Nditaulula zimenezi pagulu, anthu asanu ndi anayi anati nawonso ankatero.

Tinalembera kalata magazini imene inasindikiza lipotilo, tonse n'kusainira. Anatizunguza kwabasi, akuti odwala sangadziwe za kafukufuku. A Rigoberto anawayankha kuti kusiyanitsa 60 ndi 55 ankaphunzitsa ana a zaka zisanu ndi ziwiri. Sabata yatha magaziniyo yavomera ndipo yasindikiza zokonza. Potsatira malire oyamba aja, mwa anthu makumi anayi amene anawalengeza kuti achira, atsala asanu ndi mmodzi. Ine mulibemo. Nditawerenga ndinalira, koma kunali kulira kopepukidwa mtima.

Lamulungu Bambo anakwera masitepe onse aja, ndi ukalamba wawowo, atanyamula buledi ndi mapeyala. Ndinawapatsa pepala la zokonzazo. Analiwerenga kawiri mpaka tiyi anazizira, kenako anati, "Ndiye inachira ndi nambala, iweyo ayi." Anandigwira dzanja nthawi yaitali. Potuluka anafunsa kuti, "Achimwene ako wawauza?"

Ndiye ndakuuzani, ndipo pepalalo ndaliika mu envulopu momuno. Sindikukuimbani mlandu. Munakhulupirira zimene mwini thupi ndinakhulupirira.

Pempho langa ndi limodzi. Bambo akuti mubwera pa 1 Novembala kudzaika maluwa pamanda. Manda a Amayi sindinawaonepo. A Hernán oyandikana nawo avomera kudzagwira mbali imodzi ya mpando wondinyamulirapo potsika masitepe. Mbali inayo ikusowa munthu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, muwauze kuti azakhali awo amawasowa. Sindinachire, achimwene, koma chimwalirire Amayi mtima wanga sunakhalepo m'malo ngati sabata ino.

Ndine mlongo wanu amene akudikira pamwamba pa masitepe,

Eliana