Makalori a mlamu andikhazika pansi pamasitepe

Aphungu,

Ndatopa, ndipo sindikudziwa woti ndimukwiyire: mlamu wanga, sikelo, kapena ine ndemwe. Ndine mayi wa ana atatu, ndimachapa pahotela ina. Chikepe cha antchito chinafa kalekale, ndiye tsiku lonse ndimangokhalira kukwera ndi kutsika masitepe, mtolo wa matawulo ndi mabulangete uli pamutu. Koma thupi likungopitabe patsogolo. Mawondo atayamba kuwawa, adokotala anati ndichepetseko thupi.

Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, amagwira ntchito muofesi ndipo anawonda bwino chaka chatha. Anandiikira pafoni pulogalamu yowerengera makalori a m'zakudya n'kunena kuti, "Alamu, musamapitirire makalori 1,200 patsiku. Ine ndinatero." Ndinamvera. M'mawa tiyi wopanda shuga, masana dzira limodzi ndi nthochi, basi.

Sabata yatha ndili pakati pa masitepe, m'maso munangoda bii. Ndinakhala pansi, matawulo oyera aja n'kugubudukira pomwe mnzanga amakolopa. Akapitawo anati, "Mayi, ngati ntchito yakukulirani nenani. Oifuna ali pageti."

Chamanyazi n'chakuti ndikafika kunyumba njala imakhala itafika posauzana. Ndimadya chiimirire, nsapato zili kuphazi. Dzana ndinamaliza buledi woti ana atenge kusukulu, bambo awo n'kungoti, "Dayeti yanuyi ikuwondetsa ife." Ndikadandaulira mlamu, akuti ndine wosapirira. Sikelo nayo sikusuntha. Kodi ndizidya zochuluka bwanji kuti ndiwonde koma ntchito isandithere?

E.N., m'tauni

Mayi E.N.,

Mlamu wanuyo akamaweruka amakhala atanyamula chiyani? Cholembera? Inu mumasenza mitolo tsiku lonse, ndiye mwabwereka mlingo wa munthu wokhala pampando. Ngakhale kwa iyeyo 1,200 ndi yochepa. Kupirira mukupirira, mpaka mwapyola nako. Thupi mukulimana masana, madzulo likudzitengera lokha, n'chifukwa chake sikelo yangoti duu.

Choyamba pitani kuchipatala, mukawauze za chizungulirecho ndi mmene mwakhala mukudyera. Akakuyezeni magazi, shuga ndi BP. Musangoganiza kuti ndi njala yokha.

Kenako isiyeni nambala ija. Nambala yanu sindingakuuzeni ndili pano, chifukwa imadalira msinkhu, zaka ndi kulemera kwanu. Ipezeni chonchi: kwa sabata imodzi kapena ziwiri idyani mmene munkadyera kale, ndipo chilichonse cholowa m'kamwa muzichiika mupulogalamu ija, ndi zolawa pophika zomwe. Apo mudzaona zomwe mumadyadi. Pamenepo chotsanipo makalori 300, mukachulutsa 500, ndipo mudzapeza kuti zotsalazo zikuposa za mlamu kutalitali. Yambani ndi zakumwa zotsekemera, shuga wa mutiyi ndi zokazinga, mbale yeniyeni musaithamangire.

Chakudya chambiri chizilowa nthawi ya ntchito. Musachoke pakhomo ndi tiyi yekha. Tengani nkhomaliro yokhalitsa m'mimba, monga nyemba, mazira, nsomba ndi masamba, ndiponso kamtedza kodya musanaweruke, kuti musamafike kunyumba ngati mwathawa kundende. Mochapira mumatentha, madzi azikhala pafupi. Tsiku lopuma mukhoza kuchepetsako pang'ono.

Pasikelo kwerani kamodzi pasabata, m'mawa. Theka la kilo pasabata ndi liwiro labwino. Mwezi ukatha osasintha, chotsaninso pang'ono. Mukayamba kufooka kapena kusowa tulo, onjezerani.

Mlamu musakangane naye, ingomuuzani kuti nkhaniyi mwaisiya m'manja mwa adokotala. Chizungulire chikabweranso, tulani mtolo pomwepo, ntchito iyambe yadikira. Ndipo anthu akamva kuti mukufuna kuwonda, abwera ndi matiyi ndi mapiritsi oti amasungunula mafuta. Aliyense wotero muzimufunsa kaye ngati adzakulerereni ana inu mutagonekedwa m'chipatala.

Aphungu