Fumbi la Pakona Yanu, Achimwene

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wochokera kuno kutauni. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Funsoli si la mwambo chabe ayi, ndikufunsa chifuwa chija. Alamu ndi ana ali bwanji? Nanga mayi, mwendo uja unaleka kutupa? Ife kuno tilipo. Mlamu wanu ali bwino, ndipo khanda layamba kukwawa, moti m'chipinda muno palibenso chinthu chimene tingasiye pansi. Dzulo ndinalipeza likutafuna chingwe cha nsapato yanga.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Chifukwa chake mukuchidziwa. Ndikangotchula za chifuwa mumati simukundimva bwino, kapena mumapatsira alamu kuti andiuze za mbuzi. Kalata simungaidule mawu. Ndiye khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa ine mtima suli m'malo, ndipo sukhazikika mpaka nditakuuzani zimene zachitika kuntchito kuja munandisiya.

Malowo mukuwadziwa kuposa ine. Shedi ya malata ija ilipo, ndipo tikudulabe miyala ya pamatebulo a m'khitchini. Macheka aakulu ali pakhomo pomwe paja. Ine anandiika pakona yanu, pamene munkasalaza m'mphepete mwa miyala ndi chopukusira chapamanja.

Mwezi wathawu kampani ina yomanga mahotela, imene imagula miyala yathu yambiri, inauza abwana kuti sigulanso mpaka mpweya wa m'shedi utayezedwa. Ife tinaseka. Mpweya amauyeza bwanji, pa sikelo kapena ndi tepi? A Wayilesi, anzanu osatseka pakamwa aja, anati mwina abwera ndi matumba kudzautapa.

Kutatsala tsiku limodzi kuti woyeza mpweyayo afike, akapitawo anatikolopetsa shedi yonse. Paipi ya madzi ya pamacheka, ija inafa inu mukadali kuno, inauka kwa akufa. Anatigawiranso zotchinga kumphuno zatsopano, zochokera m'katoni imene sitinkadziwa n'komwe kuti ilipo.

Kunabwera mayi wina wamfupi, wovala nsapato zolimba ngati zathu, atanyamula bokosi lakuda. Anazungulira monse osalankhula zambiri, kenako anafunsa akapitawo ngati pamakhala poyera chonchi masiku onse. Akapitawo anati eya, osaphethira. Mayiwo anakweza maso kuzitsulo za kudenga kumene madzi athu sanafike, kumene fumbi launjikana ngati analithira dala. Anangoti chabwino, abweranso, koma tsiku sanatchule.

Anabweradi m'mawa wina wamba, paipi itafanso, tonse tili mbuu ngati tagwera m'thumba la ufa. Anasankha anthu ochepa oti avale timakina take: ine, a Ndevu a pamacheka aja, ndi wina wonyamula miyala. Kamakinako kukula kwake ngati chibakera. Amakakoleka pa lamba m'chiuno, ndipo kapaipi kake kamakwera kumsana mpaka pa kolala, pafupi ndi mphuno. Kumapeto kwa kapaipiko kuli kasefa koyera.

Anandifotokozera kuti kamakinako kamakoka mpweya pang'onopang'ono tsiku lonse, choncho chilichonse chimene mphuno yanga ikumana nacho, kasefako kakumananso nacho. Anati kasefako anakayeza kale kulemera kwake kasanagwire ntchito, ndipo akakayezanso ku labotale, kuti kusiyana kwake kusonyeze fumbi limene munthu amameza pa tsiku. Anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti ndigwire ntchito monga ndimagwirira masiku onse, osadzikometsera.

Ndinawafunsa kuti n'chifukwa chiyani akuvutika ndi labotale pomwe fumbi likuoneka ndi maso. Anati limene timaliona si limene amaliopa kwambiri, chifukwa mphuno imaligwira ndipo timalimina. Loopsa ndi losaoneka, limene limayandamabe ngakhale makina atazima. Limatsika mpaka pansi pa mapapo, ndipo likafika silituluka. Limasiya zipsera m'katimo, mapapo n'kumauma pang'onopang'ono, mwina munthu atasiya ntchitoyo kalekale. Achimwene, atanena kuti atasiya ntchitoyo kalekale, ndinaganiza za inu nthawi yomweyo.

M'mawa wonse kamakinako kankang'ung'udza m'chiuno mwanga ngati udzudzu wosakhuta. Nthawi ya chakudya a Wayilesi anandikokera kuseri kwa thanki ya madzi. Anandiuza kuti ndilowetse kapaipiko m'malaya, chifukwa mayiwo akapeza fumbi lambiri atitsekera shedi, ndiye ana athu adzadya mpweya woyerawo? Anawonjezera kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinawayankha kuti pamphuno pathu ine ndikuonapo fumbi, fodya sindikumuona. Sanaseke. Anati ndine mwana wadzulodzulo, ndinalowa pano nditaberekedwa pamsana panu, ndipo inuyo simukanachita zopusa zotere.

A Ndevu sanataye nthawi ndi mawu. Anavula kawo n'kukakakoleka pa msomali kuseri kwa shedi, kumphepo yabwino, n'kudzakavalanso ataona mayiwo akutuluka mu ofesi.

Ine dzanja linapita pa kolala kangapo. Ndinaganiza za khanda, ndinaganiza kuti denga limene tikugonamo si lathu. Mpaka lero sindikudziwa ngati ndinali wolimba mtima kapena wamantha, chifukwa mayiwo anali atanena kuti kamakinako kakatsekedwa pakamwa kamaima n'kuyatsa nyali yofiira. Koma chimene chinkandibwerera m'makutu ndi mmene munatsokomolera pa foni tsiku lija, mpaka alamu kukulandani. Kapaipiko ndinakasiya panja, ndipo ndinapukusa miyala youma mpaka kuweruka.

Atakavula, kasefa kanga kanali kotuwa pang'ono chabe. Ndinati basi, ndadana ndi anthu pachabe. Mayiwo anakatseka bwinobwino m'kabotolo, kenako anandifunsa kumene ndimavulira ovolosi. Ndinati kunyumba, ndipo mlamu wanu amaikuntha pakhomo asanaichape. Anapukusa mutu, n'kunena kuti tikatero ndiye kuti shedi tikuitengera kwa mwana. Tsopano ndimavulira kuntchito komweko. Mlamu wanu atamva anakolopa chipinda mpaka pansi pa bedi, ndipo mwana akangoyetsemula amandiyang'ana ngati ndamulodza ndine.

Zotsatira zitabwera anatisonkhanitsa panja, abwana ali pomwepo. Mayiwo anayamba ndi a Ndevu. Anati kasefa kawo kakusonyeza munthu amene wakhala tsiku lonse pansi pa mtengo, ndiye amene anayezedwa ayenera kuti ndi msomali wa kuseri uja, ndipo msomaliwo mapapo ake ali bwino. Tinaseka tonse, a Ndevu omwe. Kenako anatchula pakona yanga. Anati fumbi la pamenepo lapitirira muyezo wololedwa, osati pang'ono koma kambirimbiri. Kuseka kunathera pomwepo.

Anati zotchinga kumphuno za pepala zija pamenepo sizithandiza kwenikweni. Pakufunika madzi pa chopukusira, ndiponso makina okoka fumbi pomwe likutulukira, lisanafike pankhope ya munthu. Analetsa kusesa pansi pouma. Ndipo chizolowezi chija munandiphunzitsa, chodziuzira ndi paipi ya mphepo tikamaweruka kuti tisalowe m'basi tili mbuu, anati chimenecho ndiye choipitsitsa.

Kona ija anaitseka ndi chingwe. Abwana akuti makina anaitanitsa, koma palibe amene wawaona. Ena akunong'ona kuti akufuna kusamutsa ntchito yonse kupita kwina kumene kulibe oyeza. Pakali pano tikugwira mosinthana, lero uyu mawa uyo. Masiku okhala pakhomo ndi amene akundipha. Ndimadzuka, ndimavala, kenako ndimakumbukira kuti kulibe kopita. Ndakonza chitseko chimene sichinawonongeke. Ndimapita kumsewu kukaona magalimoto, ndimabwerako, ndimapitanso. Mlamu wanu akuti ndikumuzunguza mutu, ndipite ndikazungulire kwina.

Kuntchito nako nthawi ya chakudya ndinkadya ndekha. Wina analemba ndi chala pa fumbi la pagalasi la galimoto ya kampani kuti ndine mlamu wake wa mayi woyeza. Kwa ine Wayilesi inazima, ngakhale moni.

Kenako anatitumiza tonse kuchipatala kukajambulitsa chifuwa ndi kuuzira m'chipaipi china choyeza mphamvu ya mapapo. Pamzere a Wayilesi anapezeka kumbuyo kwanga. Tinaima nthawi yaitali ngati anthu osadziwana. Mwadzidzidzi anandifunsa, maso ali kukhoma, ngati makina ojambulawo amapweteka. Ndinati ayi. Kenako anati papita nthawi akulephera kukwera kamtunda ka posikira basi osaima kuti apume, ndipo akaima amanamiza akazi awo kuti akumanga nsapato. Ndinangowasuntha kuti alowe patsogolo panga.

Ine adokotala anati pakali pano sakuona kanthu, popeza ntchitoyi sindinakhalitsepo, koma ndizipita kukaonetsa. A Wayilesi anawapeza ndi timadontho toyera m'mapapo onse awiri, ndipo awauza kuti asabwererenso pafumbi. Titatuluka anakhala pa benchi, chipewa chili m'manja. Munthu uja, achimwene, woti ngakhale pamaliro amapeza nkhani, anangondifunsa chinthu chimodzi:

"Kodi akulu ako aja, chifuwa chinatha?"

Ndinati sichinathe. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ndikuuzeni mupite msanga, musachite zomanga nsapato.

Inu ndi a Wayilesi munayamba chaka chimodzi. Koma iwo nthawi zambiri anali pamacheka, pamene mwina madzi ankatuluka. Inu munali pakona, zaka zonse zija, chopukusira chili m'manja ndi kansalu kokha pakamwa.

Nkhani yanu ndinawauzako mayi woyeza aja atabwera kudzaona ngati kona yatsekedwadi. Ndinawauza kuti munamwa mankhwala a chifuwa chachikulu mpaka kumaliza, koma kutsokomola sikunathe ndipo phuma likuwonjezeka. Anati iwo si dokotala, amayeza mpweya osati anthu, choncho sanganene kuti mukudwala chiyani. Koma anati matenda a fumbi la miyala amafanana ndi chifuwa chachikulu pa chithunzi, ndipo amachiitananso, ndiye dokotala akapanda kuuzidwa ntchito imene munthu ankagwira akhoza kumangopereka mankhwala omwewo. Sanandinamize kuti fumbilo lingachotsedwe. Anati silichoka, koma thandizo lilipo loti munthu azipuma mopepukirako, ndiponso kumuteteza ku matenda ena amene amapezerapo mwayi.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Pitani ku chipatala chachikulu, mukajambulitse chifuwa, ndipo mukamuuze dokotala zonse: kuti munkapukusa miyala youma, kwa zaka zingati, m'shedi yotani. Musapite nokha. Tengani alamu, chifukwa ndikukudziwani, mukafika pamaso pa dokotala mukanena kuti ndi kachimfine chabe ndipo mwangobwera kudzaperekeza munthu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Musaganize kuti ndikukudandaulani chifukwa chondipezera ntchito imeneyi. Munandipatsa chimene munali nacho, ndipo inunso palibe anakuuzani. Ngati makina aja afika, ndibwerera pakona pomwepo, madzi akutuluka. Ngati safika, sindikudziwa, ndipo kusadziwako ndiye kukundiyendetsa uku ndi uku ngati nkhuku yofuna poikira.

Mayi muwapatse moni, ndipo muwauze mofatsa kuti asiye kukwiyira amalume pa za chifuwa chanu. Amalume ali ndi zolakwa zawo zambiri, koma m'shedi muja sanapondemo. Moni kwa alamu, amene ndikudziwa kuti kalatayi awerenga inu musanaigwire, ndipo achita bwino. Moni kwa ana onse, kwa achemwali ndi amuna awo, kwa azakhali, ndi kwa amalume omwewo. Mlamu wanu akupereka moni, ndipo khanda lapereka malovu pakona ya pepalali.

Poyankha musandilembere kuti muli bwino. Mawu amenewo ndawamva kokwanira. Mundilembere kuti mwapita.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime wa mayi