Bambo akuti mayi asadziwe za chindoko chawo

Aphungu,

Bambo anga ndi telala, asoka pakhonde la sitolo imodzi zaka makumi atatu. Chaka chatha anayamba kudula nsalu za anthu molakwika, kuiwala eni zovala, ndipo mapazi awo sankamvanso chopondera cha makina. Poyenda ankamenyetsa mapazi pansi ngati woledzera. Ine ndinkawakalipira kuti ayamba mowa mobisa, mpaka ndinawabisira sizasi. Ndikakumbuka zimenezi misozi imangotsika.

Kuchipatala atawayeza anapeza chindoko chakalekale chimene chafika ku ubongo. Bambo anakumbuka kuti ali mnyamata anatuluka kachilonda kosapweteka kumalo obisika, kanapola kokha, iwo n'kuiwalako. Dokotala anati mayi nawonso abwere adzayezedwe. Titatuluka, bambo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwanangu, mayi ako asadziwe. Manyazi amenewa ndife nawo ndekha." Ndinavomera.

Mayi akuwasambitsa ndi kuwadyetsa bambo, akuganiza kuti ndi sitiroko. Ine ndisanabadwe anapita padera kawiri, mwana wachitatu anabadwa wakufa, ndipo azakhali mpaka lero amawanena kuti ndi amene anabweretsa tsoka pakhomo. Kodi ndiswe lonjezo langa?

L. K., mwana wa telala

Mwanangu L. K.,

Pepa kwambiri. Za sizasizo dzikhululukire, sunkadziwa. Chindoko ndi matenda achinyengo. Chilonda chikapola, kachirombo kamabisala m'thupi zaka zambirimbiri, kenako n'kuyamba kuwononga ubongo, mitsempha, maso kapena mtima.

Mankhwala alipo, ndi penisilini. Poti kwa bambo chafika ku ubongo, mwina agonekedwa kuchipatala pafupifupi masabata awiri. Amalize ndithu, ndipo azibwerera kukayezedwa. Koma ndisakunamize. Mankhwalawa amapha kachirombo, sabweza zonse zimene zawonongeka. Kumakina kuja mwina bambo sadzabwererako.

Tsopano za lonjezo. Unalonjeza chinthu chimene si chako, chifukwa thupi limene likukambidwali ndi la mayi ako. Akhoza kukhala ndi chindokocho osamva kupweteka paliponse, monga anakhalira bambo. Sindinganene motsimikiza chimene chinatenga ana atatu aja, koma chindoko chimachita zimenezo, ndipo mayi asenza mlanduwu okha kwa nthawi yaitali.

Bwerera kwa bambo tsiku limene mutu wawo uli bwino. Uwauze mwaulemu kuti sungathe kubisa, ndipo mupite atatu kwa dokotala yemwe uja akafotokoze yekha. Akakana, watenge mayi upite nawo. Iwenso ukayezetse. Za mbale ndi makapu musaope, sichiyenda m'menemo. Azakhali uwasiye kaye, nkhaniyi si yawo.

Owerenga enanu, chilonda chopola chokha musachikhulupirire, gwiritsani ntchito kondomu, ndipo mayi woyembekezera ayezetse pamodzi ndi mwamuna wake.

Usadikire mwezi wamawa, mwanangu. Bambo angakwiye, mayi adzalira, zimenezo zidzapita. Koma ukakhala chete mpaka tsiku limene mayi ako nawonso adzayambe kumenyetsa mapazi pansi, udzasambitsa odwala awiri, ndipo mmodzi mwa iwo ukanatha kumupulumutsa.

Aphungu