Tsiku Limene Ndinachotsa Nkhalamba

Lachisanu, 14 Malichi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi Ababa, ndiponso kuti mwendo uja wayamba kupepuka. Ine kuno m'thupi muli bwino. Kalatayi ndikulemba pang'onopang'ono, chifukwa pali nkhani imene sindifuna kuti muimvere kwa wina.

Mukudziwa kuti ndimasesa ndi kuphika tiyi pa ofesi ya anthu olemba mapulogalamu a kompyuta. Pansi pa tebulo la pakona panali kompyuta yakale, yafumbi, yongolira ngati njuchi. Onse ankaitcha Nkhalamba. Palibe ankaigwira, ngakhale sikirini inalibe. Lolemba abwana anandiuza kuti, "Mawa kubwera alendo. Zakale zonse zichoke, ndisaone chinyalala muno." Ndinazula zingwe zake, ndinaipukuta bwinobwino, n'kukaiika m'chipinda chosungira katundu, n'kuifunditsa nsalu.

Lachiwiri alendo atapita, pulogalamu imene a pa ofesi pathu akukonzera chipatala china inakana kuyenda. Pa sikirini panangotuluka malemba ofiira. Ndinamva akunena kuti pulogalamu yatsopanoyo imatsamira pa tizidutswa ta mapulogalamu akale, ndipo kachidutswa kamodzi sikakupezeka. Kampani imene inakapanga inatsekedwa kalekale, pa intaneti kulibenso.

Mlandu unagwera mayi wina wamagalasi amene wangoyamba ntchito mwezi uno, chifukwa ndi iwo anasintha zina dzulo lake. Ine ndimawatcha Achemwali. Pa ofesi yonse ndi okhawo amene amatsuka okha kapu yawo. Anabweza zonse zimene anasintha, malemba ofiira osachoka. Anafufuta zida za m'kompyuta yawo n'kuziikamo mwatsopano, chimodzimodzi. Bambo wina wandevu, amene wakhalitsa pamenepo, ankangowaseka. "Sukulu yonse ija, mayi, kachidutswa kamodzi kakukanikani? Kapena satifiketi munachita kutola panjira?" Lachitatu abwana anati, "Pofika Lachisanu zikapanda kuyenda, tisiyana, mayi."

Masana a tsiku lomwelo, ndikuika tiyi pa tebulo la Achemwali, ndinayang'ana malemba ofiira aja. Chingerezi chake sindinachimve, koma pakati pake panali zilembo zitatu ndi manambala awiri zimene maso anga anazikumbuka. Ndinazikopera pa kapepala, ndinapita kosungira katundu kuja, n'kuvundukula nsalu. Pa chipepala chomatidwa pambali pa Nkhalamba panalembedwa zomwezo. Ndinafananitsa katatu, chilembo ndi chilembo.

Amayi, apa ndiye ndikuulula. Sindinanene tsiku limenelo. Lachinayi lonsenso ndinakhala chete. Ndinaganiza zolawirira n'kuibwezera mwakachetechete, koma zingwe zinali zisanu, ndipo sindinkakumbuka polowa chilichonse. Masana ndinapeza Achemwali kubafa akusukusula, magalasi ali m'manja, maso ali psuu. Anati, "Usadandaule, mng'ono wanga, ndi chimfine chabe." Ine ndinangogwiritsitsa mopu.

Lero m'mawa ndinainyamula Nkhalamba n'kukaitula pa tebulo onse akuona. Ndinangopereka kapepala kaja kwa Achemwali. Anawerenga, anayang'ana pambali pa kompyutayo, n'kugwira pakamwa. Analumikiza zingwe, anaiyatsa, ndipo pasanathe mphindi khumi malemba ofiira anachoka. Kachidutswa kaja kanali mmenemo zaka zonsezi, makompyuta ena onse ankakatenga kumeneko popanda wodziwa. Wandevu uja anati, "Aa! Ndiye kuti Nkhalambayi ndi imene imatidyetsa?" Palibe anaseka.

Abwana anandiitanira ku ofesi yawo. Anandifunsa kuti ndinadziwa liti. Ndikanatha kunena kuti lero, palibe akanandigwira, koma ndinati Lachitatu. Kenako anati za zingwe akanakhululuka, pakuti anandituma ndi iwo omwe, koma za masiku awiri amene ndinaonerera munthu akuvutika, ayi. Ntchito yanga inathera pomwepo. Ndinapereka makiyi.

Achemwali ntchito yawo yapulumuka. Anayesetsa kundipepesera, abwana osamva. Anandiperekeza mpaka pageti atandigwira dzanja, ndipo ine ndinawapempha kuti kachidutswa kaja akakopere pena, chifukwa poinyamula ndinaona kuti Nkhalamba yadzaza fumbi kumbuyo kopumira, sikhalitsa.

Ndifika Loweruka la sabata yamawa pa basi ya masana. Ababa musawauze kaye, ndidzawauza ndi pakamwa panga. Mupereke moni kwa azakhali ndi ana onse. Mng'ono wanga mumuuze kuti achotse mabuku ake pabedi langa. Mukadzandiona ndikutsika ndi chikwama chachikulu chija, musadzandifunse pamsewu, Amayi. Mudzangondilandira.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Wachisamba